Bembeke: mbiri, miyambo ndi moyo wa parishi ya kumudzi

Parishi ya Bembeke ndi imodzi mwa maparishi akale kwambiri a mpingo wa Katolika m'chigawo chapakati. Idatsegulidwa m'chaka cha 1910 ndi ansembe a chipani cha White Fathers, ndipo ili m'dera la Mfumu Kamenyagwaza m'boma la Dedza, pamwamba pa mapiri amene amatambalala kuchokera cha ku Mayani kumpoto kukafika ku Ntcheu kummwera. M'tchalitchi chake ndimo muli mpando wa episkopi wa Dayosizi ya Dedza. Madayosizi ambiri m'dziko muno ali ndi matchalitchi awo aakulu m'mizinda, monga Maula ku Lilongwe ndi Limbe ku Blantyre, koma cha Dedza chidatsala pakati pa minda ya mbatatesi ndi chimanga, ndipo amene amadzazamo Lamulungu lililonse ndi alimi a m'midzi yozungulira. Mbiri ya Bembeke ikuonetsa mmene mpingo wobwera ndi alendo udasandukira chuma cha eni mudzi, komanso katundu amene eni mudziwo adasenza kuyambira pamenepo.

Malo ndi anthu ake

Bembeke ili kummwera chakummawa kwa tauni ya Dedza. Woyenda pamsewu wa M1 amapatuka pamsika wodziwika bwino wa mbatatesi, kabichi ndi tomato, n'kulowera kummawa. Dera lonseli ndi lokwera: tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri la Dedza imafika mamita 2,198. M'miyezi ya June ndi July kumazizira kwambiri, nkhungu n'kumaphimba midzi mpaka dzuwa litakwera. Chakummawa, mtunda umatsetsereka mwadzidzidzi kukafika kuchigwa chotentha cha kunyanja, kumene kuli Mua, Mtakataka ndi Golomoti.

Anthu a m'mapiriwa ndi amitundu itatu ikuluikulu. Achewa ndiwo akalekale, ndipo zojambula za pamiyala ya ku Chongoni, zimene bungwe la UNESCO lidaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, zikuchitira umboni miyambo yawo ya chinamwali ndi gule wamkulu. Angoni a Maseko adafika m'zaka za m'ma 1800, ndipo mafumu monga Kamenyagwaza ndi Kachindamoto ndi a mtundu umenewu. Cha ku Mayani, m'dera la Mfumu Tambala, kuli Ayao ambiri amene chipembedzo chawo ndi Chisilamu. Choncho tchalitchi cha m'mapiri a Dedza chakhala chikuyandikana ndi dambwe ndi mzikiti chiyambire, ndipo mabanja ambiri ali ndi abale kumbali zonse zitatu.

Chiyambi

Chipani cha White Fathers adachiyambitsa ndi Charles Lavigerie, arkiepiskopi wa ku Algiers, mu 1868. Dzinali lidachokera ku mkanjo woyera umene ansembewo ankavala, korona ili m'khosi. Adafika koyamba m'dziko muno kumapeto kwa 1889 n'kukhala kwa Mponda ku Mangochi, koma ntchito yawo sidaphule kanthu ndipo adachoka mu 1891. Mpingo wa Katolika udakhazikika mu 1901 pamene ansembe a chipani cha Montfort adatsegula mishoni ya Nzama ku Ntcheu. Chaka chotsatira, mu September 1902, a White Fathers adabwerera n'kumanga misasa ku Mua, m'tsinde mwa mapiri. Mishoni ya Mtakataka idatsatira mu 1908.

Kuchigwa kudali kotentha ndiponso kwa malungo, ndipo azungu ankadwaladwala. Bembeke idayamba ngati malo opumulirako ansembe ofooka ndi matenda, kuti akapitidwe mphepo ya kumapiri. Koma padalinso chifukwa china chokhalira kumtunda. Amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku South Africa, amene adayamba ntchito ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, adali atatsegula kale Mlanda mu 1902 ndi Mphunzi mu 1903, ndipo sukulu zawo zinkafalikira m'midzi ya kumapiri. A White Fathers adaona kuti akachedwa adzapeza midzi yonse itatengedwa. Mu 1910 malo opumulira aja adasanduka mishoni yoima payokha.

Sipadapite nthawi yaitali Bembeke idakula kuposa mishoni zimene zidaibereka. Episkopi Mathurin Guillemé, amene adatsogolera chigawo cha mpingo chotchedwa Nyasa kuyambira 1911 mpaka 1934, adasankha kukhala kumeneko. Tchalitchi chachikulu cha njerwa zootcha chidamangidwa, ndipo patapita zaka makoma ake a m'kati adakongoletsedwa ndi zithunzi za nkhani za chipembedzo zimene adajambula Michael Kapalamula, mmisiri wa konkuno. Njerwazo adaumba, kuwotcha ndi kusenza pamutu ndi anthu a m'midzi, monga zidakhalira pa mishoni zonse za nthawi imeneyo.

Sukulu za m'midzi ndi akatekisiti

Lamulo la chipani lidali lakuti ansembe ndi abulazala azikhala atatu pamalo amodzi. Anthu atatu sakadatha kufikira midzi yonse ya m'mapiri ndi m'zigwa, choncho ntchito yaikulu idagwera aphunzitsi a m'midzi, amene adalinso akatekisiti. Sukulu ya m'mudzi inkakhala kanyumba kofolera ndi udzu. Pakati pa sabata ana ankaphunziramo kuwerenga, kulemba ndi katekisimu. Lamulungu kanyumba komweko kankasanduka nyumba ya mapemphero. Wansembe ankafika mwa apo ndi apo, wapansi kapena panjinga, pa maulendo otenga masiku angapo, kudzayesa ophunzira, kumva kulapa ndi kuchita Misa.

Ubatizo sunkaperekedwa msanga. Lavigerie adalamula kuti munthu wamkulu aphunzire zaka zinayi asadabatizidwe, ndipo pomaliza pake ophunzira ankakagonera ku mishoni kwa milungu ingapo, akudziphikira okha ndi kugwira ntchito za pamalopo. Amene ankadziwa ngati wophunzira wasiyadi mitala, maula kapena mowa wa chisawawa adali katekisiti, chifukwa ndiye ankakhala naye mudzi umodzi. Iyeyo ndiye ankabatiza odwala amene ali pafupi kumwalira, kutsogolera maliro ndi kupempha nyakwawa malo omangapo sukulu.

Mpikisano wa Akatolika ndi a Dutch pa nkhani ya sukulu udali woopsa, ndipo milandu ina inkafika kwa bwanamkubwa wa boma ku Dedza. Boma la atsamunda litakhazikitsa nthambi ya zamaphunziro mu 1926 n'kuyamba kufuna aphunzitsi ophunzitsidwa bwino, mishoni zidakakamizika kusula aphunzitsi awo mwadongosolo. Ntchito imeneyi idakalipo ku Bembeke, kumene kuli koleji ya aphunzitsi aakazi ya St Joseph's. Mipingo ya a Dutch ija ndiyo lero ili Sinodi ya Nkhoma ya CCAP, ndipo ana a mipingo iwiriyi amakhala pabenchi imodzi m'kalasi.

Mpingo ndi miyambo ya makolo

Mkangano waukulu wa zaka zoyambirira udali wa mpingo ndi gule wamkulu. M'zaka za m'ma 1920 udafika poipa m'midzi ya Achewa m'chigawo chapakati. Ansembe ankaona gule ngati chopinga cha sukulu ndi ubatizo, pomwe akuluakulu a kudambwe ankaona sukulu ngati njira yolanda anyamata ndi kuchepetsa ulemu wa mafumu, popeza mzinda ndiwo unkapatsa nyakwawa mphamvu. Mkhristu wolowa gule ankaletsedwa masakramenti, ndipo maliro ankagawanitsa mabanja: ena kufuna nyimbo za mpingo, ena kufuna zilombo.

Nkhani ya ukwati nayo idali yovuta. Pa chikamwini, mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi ndipo mwini mbumba ndi malume, pomwe chiphunzitso cha ansembe chinkaika bambo patsogolo pa banja ndi kunena kuti ukwati sutha. Pang'onopang'ono mpingo udaphunzira kuyenda ndi mwambo. Lero ukwati sudalitsidwa m'tchalitchi ankhoswe a mbali zonse asadagwirizane, ndipo banja likagwedezeka ankhoswewo ndiwo amayamba kuitanidwa nkhani isadafike kwa bambo mfumu. Chinamwali nacho chidapeza malo: alangizi a mpingo amalanga atsikana otha msinkhu, anyamata ndi ofuna kulowa m'banja, kusunga malangizo a ulemu ndi ukhondo n'kusiya zimene zimatsutsana ndi chikhulupiriro.

Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, udatsegula khomo kwambiri. Misa idaleka kuchitika m'Chilatini, Chichewa chidalowa paguwa, ndipo ng'oma, maseche ndi nthungululu zidaloledwa m'tchalitchi. Ku Mua, Bambo Claude Boucher Chisale adayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976, kumene miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao imasungidwa ndi kufotokozedwa. Gule amene kale ankathamangitsana ndi akatekisiti adalandira ulemu wa UNESCO mu 2005. Kusagwirizana sikudatheretu, makamaka pamaliro, koma masiku ano nkhani zotere amakambirana mafumu ndi akuluakulu a mpingo atakhala pansi.

Episkopi woyamba wa Chimalawi

Dzina la Bembeke limayendera limodzi ndi la Cornelius Chitsulo. Iye adabadwa mu 1909 cha ku Mua, adaphunzira za unsembe ku Kipalapala m'dziko la Tanganyika, ndipo mu 1937 adakhala Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe mumpingo wa Katolika. Mu 1956 Papa Pius XII adapatula Dedza kukhala chigawo cha mpingo pachokha n'kuchipereka m'manja mwa Chitsulo, amene adadzozedwa uepiskopi mu 1957. Mu 1959 chigawocho chidakwezedwa kukhala dayosizi. Izi zidachitika dziko lisadalandire ufulu wodzilamulira mu 1964, nthawi imene maudindo aakulu m'boma ndi m'makampani adali a azungu okhaokha. Kwa alimi a ku Bembeke, kuona mwana wa kwawo atavala chisoti cha uepiskopi, ansembe achizungu akumumvera, chidali chinthu chachikulu.

Chitsulo adatsogolera dayosiziyi mpaka imfa yake mu 1984. Adamulowa m'malo ndi Gervazio Chisendera, amene adapuma mu 2000. Kenaka padabwera Rémi Sainte-Marie wa ku Canada, wa chipani cha White Fathers, amene mu 2006 adasamukira ku Lilongwe, kumene adakhala arkiepiskopi mu 2011. Emmanuel Kanyama adatsogolera kuyambira 2007 mpaka pamene adamwalira mu February 2018, ndipo mu 2021 Peter Adrian Chifukwa adadzozedwa kukhala episkopi wachisanu. Dayosiziyi imafikira maboma a Dedza ndi Ntcheu komanso chigawo china cha Salima, ndipo mwa maparishi ake muli Mua, Mtakataka, Kasina, Mtendere, Nzama, Nsipe ndi Tsangano. Akatolika a ku Mayani nawo ali pansi pa mpando wa ku Bembeke.

Mmene parishi imayendera

Parishi ya kumudzi ili ndi magawo atatu. Pamwamba pali tchalitchi chachikulu, pamene pamakhala bambo mfumu ndi omuthandiza, ofesi ndi mabuku a kaundula. Pansi pake pali nthambi, matchalitchi aang'ono omwazikana m'midzi, ena pamtunda wa maola angapo wapansi. Wansembe amazungulira nthambizi mosinthanasinthana, kotero kuti zina zimaona Misa kamodzi pamwezi kapena kupitirira apo, makamaka m'dzinja misewu ikaterera. Masabata enawo akhristu amachita mapemphero opanda wansembe, motsogozedwa ndi katekisiti kapena mkulu wa mpingo.

Gawo lachitatu ndi mphakati, gulu la mabanja oyandikana amene amakumana pakhomo pa mmodzi wa iwo kuwerenga Mawu a Mulungu ndi kukambirana za m'mudzi. Miphakati idayamba m'zaka za m'ma 1970. Maepiskopi a kummawa kwa Africa, m'bungwe lawo la AMECEA, adagwirizana za njira imeneyi pamisonkhano ya 1973 ndi 1976, ndipo kuno kwathu Episkopi Patrick Kalilombe adaitsogolera kudzera m'sinodi yaing'ono ya Dayosizi ya Lilongwe ya 1973 mpaka 1975. Cholinga chidali mpingo wodzidalira pa chuma, pa utumiki ndi pa kufalitsa uthenga.

Lero palibe chimene chimachitika ku parishi osadzera kumphakati. Wofuna kubatiza mwana, kudalitsa ukwati kapena kubwerera ku masakramenti amayamba waonekera kumeneko, chifukwa anansi ndiwo amadziwa khalidwe lake. Mphakati umasonkhetsa mtulo, umayendera odwala, umasesa tchalitchi pa sabata yake ndi kutumiza chakudya cha ansembe. Pambali pake pali mabungwe: Amayi Achikatolika ndi nsalu zawo zofanana, a Legio ya Maria, makwaya, achinyamata, ndi ana a Tilitonse amene amaphunzira katekisimu. Pa zonsezi amayi ndiwo amachuluka, ndipo ntchito yambiri imathera m'manja mwawo.

Maliro ndiwo amaonetsa bwino mphamvu ya dongosololi. Uthenga ukamveka, a mphakati amasonkha ufa, nkhuni ndi ndiwo, kwaya imachezera pasiwa usiku wonse, adzukulu amakumba manda, ndipo katekisiti amatsogolera mwambo ngati wansembe sadathe kufika. Nyakwawa imalankhula m'malo mwa mudzi, mkulu wa mpingo m'malo mwa akhristu. Anansi a CCAP ndi Asilamu amakhala nawo, pakuti maliro n'kulirana.

Chaka cha mpingo ndi chaka cha mlimi

Kalendala ya mpingo idachokera kumaiko ozizira a kumpoto, koma m'mapiri a Dedza idalukana ndi ntchito za kumunda. Adventi imafika ndi mvula yoyamba, anthu ali kalikiliki kubzala. Khirisimasi imapeza alimi akupalira, ndipo banja limene lakwanitsa limadya mpunga ndi nkhuku. Lenti imagwa m'miyezi ya February ndi March, nkhokwe zitapepuka, kotero kusala kudya kumene mpingo umalamula kumakumana ndi njala imene ilipo kale m'makomo ambiri. Lachisanu lililonse la nyengoyi akhristu amayenda Njira ya Mtanda. Pofika Pasaka, mondokwa ndi maungu zimakhala zitacha, ndipo usiku wa Loweruka Loyera akulu amene amaliza maphunziro awo amabatizidwa.

Kukolola kukatha kumabwera masika. Banja lililonse limapereka gawo la zokolola zake, chimanga, nyemba, mbatatesi, soya, nthawi zina nkhuku kapena mbuzi, ndipo miphakati imapikisana mwamtendere kuti aone amene wapereka zambiri. Zoperekazi zimadyetsa ansembe, zina zimatumizidwa kuseminale, zina zimagulitsidwa kuti ndalama zake zigwire ntchito za parishi. Pa chaka cha Ukaristia, m'nyengo yozizira, akhristu amayenda mdipiti kunja kwa tchalitchi, ana akumwaza maluwa m'njira. Chilimwe ndi nyengo ya maukwati, ya kuumba njerwa ndi ya maulendo a episkopi okapereka sakramenti la Kulimbitsa. October ndi mwezi wa korona, ndipo mu November mabanja amakumbukira akufa awo ndi kulambula kumanda mvula isadagwe.

Pa nthawi za mavuto

Msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu umayenda m'malire a Malawi ndi Mozambique. Nkhondo ya pachiweniweni itakula m'dzikolo cha m'ma 1986, anthu ochuluka ochokera ku Angonia adathawira m'midzi ya m'mabomawa, ndipo dziko lonse lidasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Ambiri adali Achewa ndi Angoni olankhula chinenero chomwechi, ena Akatolika, ndipo adalowa m'nthambi ndi m'miphakati ya kuno mpaka mtendere utabwerera kwawo ndi pangano la ku Rome la 1992.

Chaka chomwecho, pa 8 March, kalata ya maepiskopi ya nyengo ya Lenti idawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse. Idadzudzula kusiyana kwa olemera ndi osauka, kuchepa kwa malipiro, kumanga anthu popanda mlandu ndi kutseka anthu pakamwa. Episkopi Chisendera adali mmodzi mwa osainira. Boma la nthawiyo lidati kalatayo ndi youkira ndipo kupezeka nayo udali mlandu. M'nthambi zopanda wansembe, amene ankaimirira kutsogolo adali akatekisiti ndi akulu a mpingo, anthu opanda chitetezo chilichonse. Patangotha chaka, mu June 1993, Amalawi adavotera ndale za zipani zambiri pa riferendamu.

Kaundula, ana a kutauni ndi za mawa

Mu ofesi ya parishi yakale ngati Bembeke muli mabuku a ubatizo, a maukwati ndi a maliro. Kalembera wa boma wa ana obadwa adachedwa kufika kumidzi, ndipo chiphaso cha unzika chidayamba kuperekedwa kwa onse mu 2017. Kwa mabanja ambiri, dzina la gogo, mudzi wake, makolo ake ndi chaka chimene adabatizidwa zidalembedwa m'mabuku amenewa mokha. Mkatolika wa ku Area 25 kapena ku Ndirande akafuna kukwatira, parishi ya kutauni imafuna umboni wochokera kumene adabatizidwira. Mapepala akale amaopa chiswe, chinyontho ndi moto, ndipo buku limodzi likawonongeka mbiri ya midzi yambiri imapita nalo.

Vuto lina ndi la chuma. Amishoni ankalandira thandizo kuchokera kwa abale ndi mipingo ya kwawo ku Ulaya ndi ku Canada, ndipo ndi ndalama zimenezo adagula malata, magalimoto ndi mankhwala. Ansembe a lero ndi ana a alimi a konkuno, ndipo alibe kwina kopempha koposa kwa akhristu awo. Nyumba zimene zatha zaka makumimakumi zikufuna kukonzedwa, mafuta oyendera kunthambi akwera mtengo, ndipo akatekisiti ambiri amagwira ntchito mongodzipereka. Chopereka cha mlimi chimadalira mvula, mtengo wa feteleza ndi mtengo wa mbatatesi pamsika. Chaka cha njala, ngati cha 2002, parishi imasauka pa nthawi yomwe anthu akuifuna kwambiri.

Achinyamata ophunzira nawo amachoka kupita ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Joni, ndipo mipingo yatsopano ya chipentekoste yafika mpaka m'misika ya kumidzi. Komabe ambiri mwa ochokawo sadula chingwe. Amabwera pa Khirisimasi, amatumiza ndalama pafoni kukakhala chitukuko cha tchalitchi, ndipo akamwalira thupi limakwera galimoto kubwerera kumapiri, kumene a mphakati amene mwina sadawaonepo kwa zaka zambiri amachezera pasiwa pawo. Ntchito imeneyi imagwiridwa ndi anthu amene chuma chawo ndi khasu, ndipo funso limene maparishi a m'mapiri a Dedza akukumana nalo ndi lakuti ana awo a kutauni adzasenza gawo lotani la mtolowo adakali moyo, pakuti mutu umodzi susenza denga.